Nkhungu ya pa chithunzi cha ukwati

Mvula ikaleka ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, Loweruka lililonse limasanduka tsiku la maukwati. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mitambo itayambanso kusonkhana, nthungululu sizitha m'matchalitchi mwathu. Pa tsiku lotere pamakhala munthu mmodzi amene sakhala pansi, sayimba nawo kwaya, komabe ngakhale abusa amamumvera akanena kuti asunthire kumanzere. Ameneyu ndi wojambula zithunzi. Keke idzadyedwa, suti yobwereka idzabwezedwa kwa mwini wake, ndalama za perekaniperekani zidzatha mwezi usanathe, koma chithunzi chimene iye adzatulutse chidzakhala pakhoma la pabalaza mpaka adzukulu adzachiloza ndi chala.

Amene amayang'anitsitsa zithunzi zimenezi aona kuti zasintha. Za makolo athu, zija zotsukidwa ku situdiyo kuchokera pa filimu, sizibisa kanthu: thukuta pamphumi pa mkwati, kolala yopindika, maso ofiira a mkwatibwi amene adachezera kumangidwa tsitsi. Zamasiku ano nzosiyana. Nkhope zimaoneka ngati zakutidwa ndi kankhungu ka m'mawa wa mu Juni, khungu limakhala losalala ngati la khanda, ndipo velo imawala ngati muli nyali m'kati mwake. Zimenezi sizichitikira m'tchalitchi ayi. Zimachitika masiku otsatira, wojambula atakhala yekha pa kompyuta.

Mkhristu woganiza bwino akhoza kufunsa ngati limeneli si bodza lopachikidwa pakhoma. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lagona m'kagwiridwe ka ntchitoyo. Wojambula wodziwa ntchito yake amasiyanitsa zinthu zimene ayenera kufewetsa ndi zimene sayenera kukhudza n'komwe. Nzeru imeneyi ndi imene mabanja athu ambiri akuisowa. Ena safewetsa kanthu, ndipo amapsetsana mtima pa tinthu ta zii. Ena amafewetsa zonse, mpaka kukwirira zinthu zimene zimapha.

M'mene nkhunguyo imapangidwira

Ntchitoyi kawirikawiri imagwiridwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Photoshop, imene anthu awiri apachibale a ku America, Thomas ndi John Knoll, adayamba kuipanga mu 1987, ndipo kampani ya Adobe idayamba kuigulitsa mu 1990. Kuyambira mu 1994 pulogalamuyi idayamba kulola munthu kusanjikiza zithunzi, china pamwamba pa chinzake, monga m'mene tingasanjikizire mapepala apulasitiki oonekera m'kati. Luso lonse la nkhungu ija lagona pa kusanjikiza kumeneku.

Wojambula amatenga chithunzi chenicheni, n'kupanga china chofanana nacho ndendende, n'kuchiika pamwamba. Chapamwambacho amachichititsa mbuu. Tikumbukire kuti chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho ting'onoting'ono mamiliyoni ambiri, kalikonse ndi mtundu wake. Kuchititsa mbuu ndiko kulamula kadontho kalikonse kuti kabwereke mtundu kwa anzake oyandikana nako, apafupi kwambiri apereke zambiri, apatali apereke zochepa. Masamu oyendetsa zimenezi amatchedwa ndi dzina la Carl Friedrich Gauss, katswiri wa ku Germany amene adamwalira mu 1855. Zikatero kachiphuphu kamasungunukira m'khungu loyandikana nako, makwinya amachepa mphamvu, ndipo kuyera kwa velo kumasefukira pang'ono m'malo amdima.

Chithunzi cha mbuucho pachokha n'chosathandiza, palibe angachilipire. N'chifukwa chake wojambula amachichepetsa mphamvu, mwina kusiya gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi, kuti chenicheni chija chizionekera pansi pake. Kenaka amafika pa ntchito imene imasiyanitsa katswiri ndi wophunzira. Amatenga burashi ya pa kompyuta n'kuyamba kufufuta nkhungu ija pa malo ena osankhika: pa nsidze, pa milomo, pa mano, pa tsitsi, pa mphete, ndipo koposa zonse pa maso. Munthu akapatsidwa chithunzi amayamba kuyang'ana maso. Maso akakhala ooneka bwino, nkhope yonse imavomerezeka ngakhale ili yofewa. Maso akakhala a mbuu, chithunzicho chaonongeka.

Palinso malire a kusalaza. Khungu la munthu lili ndi timabowo ndi timizere take. Zimenezi zikafafanizidwa zonse, pachithunzi pamatsala chidole cha pulasitiki chimene chavala diresi ya mkwatibwi, ndipo ngakhale mayi wake womubereka amayamba wafunsa kuti ameneyu ndani.

Khumbo lakalekale

Tisaganize kuti kompyuta ndi imene idabweretsa khumbo limeneli. Mu 1863 mayi wina wa ku Britain, Julia Margaret Cameron, adalandira kamera ngati mphatso yochokera kwa mwana wake, iye ali ndi zaka 48. Zithunzi zimene adajambula, kuphatikizapo za anthu otchuka monga Charles Darwin ndi mlakatuli Alfred Tennyson, zinali zofewa mwadala. Ojambula anzake ambiri ankamunyoza kuti sadziwa kugwira kamera, koma lero zithunzi zake zimasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso. M'zaka za m'ma 1930 ojambula akatswiri a mafilimu ku Hollywood ankapaka Vaseline pang'ono pa galasi loikidwa kutsogolo kwa kamera, kapena kukutirapo kansalu kopyapyala. Ena ankatha maola ambiri akukonza negetivu ndi pensulo yosongoka. Chasintha lero n'chakuti lusoli lafika m'manja mwa aliyense, moti mafoni ambiri amasalaza nkhope okha mwini wake asanapemphe.

Ndiponso Malemba satsutsa kuti mkwatibwi aoneke bwino pa tsiku lake. Pa Chivumbulutso 21:2 mzinda woyera wa Mulungu ukufanizidwa ndi mkwatibwi amene wakongoletsedwa chifukwa cha mwamuna wake. Chizindikiro choyamba chimene Ambuye Yesu adachita chidachitikira pa ukwati, ku Kana wa ku Galileya, ndipo tikawerenga bwino Yohane 2 tiona kuti ntchito yake inali kuphimba manyazi a banja limene vinyo adaliperewera. Ambuye sadaimitse phwando kuti alengeze kulephera kwa eni ukwati. Atumiki otunga madzi adadziwa zimene zidachitika, koma mkulu wa phwando sadadziwe, ndipo mkwati adalandira matamando pa vinyo amene sadagule. Tsono kufewetsa pakokha si tchimo. Nkhani yagona pa chimene tikufewetsa.

Lamulo la masabata awiri

Ojambula ambiri odziwa ntchito amatsata lamulo losalembedwa. Chimene chidzachoka chokha pakatha masabata awiri, monga chiphuphu chimene chatuluka usiku wa Lachisanu, thukuta, polumidwa ndi udzudzu kapena kufiira kwa maso chifukwa chosagona, amachichotsa mopanda mantha. Chimene munthu adzakhala nacho moyo wake wonse, monga chipsera, mphini, kadontho kobadwa nako kapena mpata wa mano, sachikhudza pokhapokha mwini wake atapempha. Chifukwa chake n'chomveka. Chiphuphu chidangokumana ndi tsiku la ukwati mwangozi, ndipo kuchisunga pakhoma zaka 40 ndi kumulakwira munthuyo. Chipsera ndi mbiri yake.

Abale ndi alongo, banja lililonse lili ndi ziphuphu zake za masabata awiri. Ndiwo zapserera. Bambo aiwala kugula mchere umene adatumidwa m'mawa. Mawu atuluka mokalipa chifukwa munthu wabwera kuntchito atatopa. Mlendo wa kuchimuna sadalandiridwe ndi nkhope yosekerera chifukwa mayi anali ndi mutu. Zinthu zotere zimapola zokha zikasiyidwa. Vuto ndi loti ambiri a ife tili ndi kamera yakuthwa m'mutu, yosaphonya kanthu, ndipo timasunga zithunzi za zolakwa za mnzathu m'alubamu imene timaitsegula nthawi iliyonse pakabuka mkangano. Mawu amene adalankhulidwa mwana woyamba asanabadwe amatulutsidwanso mwanayo ali ku sekondale.

Mtumwi Paulo, pofotokoza za chikondi pa 1 Akorinto 13, akuti chikondi sichisunga kaundula wa zolakwa. Petro naye, pa 1 Petro 4:8, akulimbikitsa chikondi chenicheni pa chifukwa chakuti chimaphimba zolakwa zambiri. Buku la Miyambo, pa 17:9, likuchenjeza kuti munthu wobwerezabwereza nkhani amalekanitsa mabwenzi. Chitsanzo chooneka ndi maso chili pa Genesis 9. Nowa ataledzera n'kugona wosavala m'hema mwake, Hamu adaona ndipo adathamangira kunja kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti adatenga chofunda, n'kuyenda chammbuyo, n'kufunditsa bambo awo osawayang'ana. Onse atatu adadziwa chimene chidachitika. Adasiyana pa chimene adachita nacho.

Hamu akadalipo pakati pathu. Ndi bambo amene amaseketsa anzake pa bawo ndi nkhani ya kusadziwa kuphika kwa akazi awo. Ndi mayi amene amatenga kuchepa kwa malipiro a amuna awo n'kukakutula kuchigayo, kapena kukakubisa m'chopempherera ku gulu la amayi. Masiku ano Hamu ali ndi foni, ndipo zofooka za mnzake wa m'nyumba amaziika pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti dziko lonse liweruze. Amene amachita zimenezi aphunzire kwa wojambula uja. Pa zinthu zimene zidzapita zokha, nkhungu ndi ntchito ya chifundo, ndipo banja lopanda nkhungu yotere silikhalitsa.

Pamene munthu wafafanizidwa

Komatu burashi yomweyo ikhoza kupitirira malire. Pa zithunzi za anthu akuda ngati ife pali vuto limene ojambula amalidziwa bwino. Diresi ndi velo nzoyera, nkhope ndi yakuda, ndipo nkhungu ikachuluka kuyera kuja kumasefukira pankhope n'kuituwitsa. Wojambula wosamala amabwezera mtundu weniweni wa khungu. Wosasamala amausiya choncho, ndipo ena amaonjezera dala kuyerako poganiza kuti akumukomera mtima mkwatibwi. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu, lodziwika ndi dzina loti Shirley, limene linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Makina ankatcheredwa potengera khungu limenelo, ndipo khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana lidadzatuluka m'zaka za m'ma 1990. Kwa nthawi yaitali muyeso wa chithunzi chabwino unali khungu loyera, ndipo muyeso umenewo udakali m'mitu mwa ena, monga tikuonera pa malonda a mafuta oyeretsa khungu.

Mkwatibwi amene wayeretsedwa pa kompyuta wauzidwa mosalankhula kuti m'mene Mulungu adamulengera sizidakwane. Pamene Genesis 1:27 akutiphunzitsa kuti munthu, mwamuna ndi mkazi yemwe, adalengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Mkwatibwi wa m'buku la Nyimbo ya Solomo amatchula kuda kwa khungu lake pamodzi ndi kukongola kwake, osaona kutsutsana kulikonse. Ndipo taganizani za mwana wamkazi amene adzabadwe m'banja limenelo, atatengera khungu lenileni la mayi ake. Tsiku ndi tsiku adzayang'ana pakhoma n'kuona kuti pa tsiku lawo lopambana mayi ake anali amtundu wina. Phunziro limene adzatolepo palibe adzafune kulivomereza.

Maiko ena adaona kuti zithunzi zosinthidwa zimavulaza maganizo a achinyamata. Ku France, kuyambira pa 1 Okutobala 2017, chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lachepetsedwa kapena kukulitsidwa pa kompyuta chimayenera kukhala ndi mawu oulula zimenezo. Norway idayamba kutsata lamulo lofanana nalo mu 2022. Mu Malichi 2024 mabungwe akuluakulu ofalitsa nkhani, monga Associated Press ndi Reuters, adachotsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William wa ku Britain, ali ndi ana ake, ataona kuti chidakonzedwa, ndipo mwini wake adapepesa. Ngakhale dziko limene silitsegula Baibulo limadziwa kuti pali mzere umene kukongoletsa kumasanduka chinyengo.

M'chibwenzi ndi m'chitomero mzere umenewu umadumphidwa kawirikawiri. Kuvala bwino pokaonekera kwa apongozi ndi ulemu. Kubisa kuti uli ndi mwana kumudzi, kuti uli ndi ngongole ya katapila, kuti udakwatirapo ndipo ukwatiwo sudathe mwalamulo, kapena kukana kukayezetsa magazi pamodzi pomwe ukudziwa m'mene mthupi mwako muliri, kumeneko ndi kupereka chithunzi cha munthu wina. Zinthu zimenezi sizidzachoka pakatha masabata awiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo amene walumidwa ndi nyererezo atalumbira kale pamaso pa mpingo amamva kuwawa kuwiri, kwa chinthucho ndi kwa kunamizidwa.

Pa Genesis 29 tikuwerenga za ukwati umene udamangidwa pa chinyengo chotere. Yakobo adagwira ntchito zaka 7 kuti akwatire Rakele, koma Labani adamulowetsera Leya mumdima, ndipo Yakobo adazindikira kutacha. Labani adapeza chimene ankafuna, koma wolipira mtengo anali mwana wake yemwe. Maina amene Leya adapatsa ana ake oyamba, Rubeni, Simeoni ndi Levi, akuonetsa mayi amene ankayembekezera kuti mwina tsopano mwamuna wake amukonda. Makolo ndi ankhoswe amene amathandiza kubisa zinthu kuti ukwati ungochitika adziwe kuti akuyenda m'mapazi a Labani.

Bala limene siliyenera kufufutidwa

Pali malo amodzi amene lamulo la masabata awiri limalephera, ndipo ndi pamene pali moyo wa munthu. Chotupa cha pa diso chimene chabwera ndi chibakera chimaphwa pakatha masabata awiri. Mlomo wong'ambika umapola. Tikatsata lamulo lija mwakhungu tikhoza kunena kuti nazonso nzongodutsa, tiziphimbe. Ndipo kunena zoona, umu ndi m'mene mabanja ambiri achikhristu akuchitira. Lamulungu m'mawa bambo ndi mayi amafika kutchalitchi atavala nsalu yofanana, mayi atathira paudala wambiri mbali imodzi ya nkhope. Akafunsidwa amati adagunda chitseko. Tonse timadziwa kuti si chitseko, koma timavomera, chifukwa bambowo ndi mkulu wa mpingo, kapena ndi amene adagula malata a nyumba ya abusa.

Nkhanza si chiphuphu. Bala limapola pakhungu koma chimene chidalibweretsa chimatsala, ndipo chimakula chikaphimbidwa. Mneneri Ezekieli, pa mutu 13, akudzudzula aneneri amene ankalengeza mtendere pomwe mtendere panalibe, ndipo akuwafanizira ndi anthu opaka njereza pa khoma losalimba, limene lidzagwa mvula ndi mphepo zikadzafika. Ankhoswe amene mwana wawo wabwera akulira, iwo n'kumubweza ndi mawu okhawo akuti “mwana wanga, banja ndi kupirira”, osamuitana mwamunayo, osafunsa chimene chikuchitika, akupaka njereza. Inde banja limafuna kupirira pa umphawi, pa matenda ndi pa kusiyana maganizo. Malemba sapatsa mwamuna chilolezo chokweza dzanja. Pa Akolose 3:19 amuna akulamulidwa kukonda akazi awo ndi kusawachitira nkhanza, ndipo pa Aefeso 5:28-29 akuuzidwa kuwasamala monga asamalira matupi awo omwe. Palibe munthu wamutu wabwino amene amadzimenya yekha chibakera. Ndipo kumene wozunzidwa ndi mwamuna, pakuti nazonso zimachitika, mlandu wake ndi womwewo.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Mkhristu amene waperekeza mlongo wake kumeneko sanapereke mpingo kwa akunja. Wachita chimene wojambula amachita pofufuta nkhungu pa maso kuti aone. Mpingo umene umaopa kuti mbiri yake iipa ukumbukire Hananiya ndi Safira pa Machitidwe 5. Awiriwa anali mwamuna ndi mkazi wake amene adagwirizana kuonetsa mpingo chithunzi chokonzedwa. Petro adauza Hananiya momveka kuti munda unali wawo ndipo ndalama zinali zawo, palibe adawakakamiza kupereka zonse. Tchimo lawo linali kufuna kuoneka chimene sanali. Mulungu sadakondwere ndi mgwirizano wa banja umene udamangidwa pa bodza.

Chithunzi chenicheni chili pansi

Tidanena kuti wojambula saononga chithunzi chenicheni. Chimakhala pansi, ndipo akangozimitsa chapamwamba chija, thukuta ndi ziphuphu zonse zimabwerera. Mulungu amationa nkhungu itazimitsidwa. Samueli atapita kunyumba kwa Jese adakopeka ndi msinkhu ndi maonekedwe a Eliyabu, koma adauzidwa kuti Mulungu amayang'ana mumtima, monga tikuwerengera pa 1 Samueli 16:7. Kalata ya kwa Ahebri, pa 4:13, ikuti palibe cholengedwa chobisika pamaso pake. Uwu ukadakhala uthenga woopsa kukadapanda mbali yake yachiwiri, yakuti Iye amene amationa choncho ndi yemweyo amene adatikonda tisanakonzedwe. Aroma 5:8 akutikumbutsa kuti Khristu adatifera tikadali ochimwa.

Pa Aefeso 5:25-27 Paulo akufotokoza mpingo ngati mkwatibwi amene Khristu adzamuimika pamaso pake wopanda banga ndi wopanda khwinya. Mawu amenewa akufanana ndi zimene mkwatibwi aliyense amapempha kwa wojambula. Kusiyana kwake kuli pa njira. Wojambula amagwira ntchito pa chithunzi, munthu mwini wake n'kutsala m'mene analiri. Khristu amagwira ntchito pa munthuyo. Amamusambitsa, ndipo mtengo wake unali moyo wake womwe. Paulo akuika chitsanzo chimenechi pamaso pa amuna okwatira. Mwamuna amene akufuna mkazi wopanda makwinya ayambe wafunsa kuti ndi makwinya angati amene abwera ndi khalidwe lake, nanga ndi angati amene angachoke iye atayamba kufika pakhomo nthawi yabwino, kuulula malipiro ake ndi kunyamula nawo katundu wa pabanja.

Chinanso chotilimbikitsa n'chakuti Ambuye atauka kwa akufa adasunga zipsera zawo. Thupi laulemerero likadatha kukhala losalala, koma pa Yohane 20 tikuona Tomasi akuitanidwa kuti aone manja ndi nthiti. Zipsera zija ndi zimene zidatsimikizira ophunzira kuti amene waima pakati pawo ndi yemwe uja adapachikidwa. N'chimodzimodzi m'banja limene lakhalitsa. Chipsera cha opareshoni imene mwana adabadwira, zikhatho zokhakhala chifukwa cha khasu limene lidalipira fizi, imvi zimene zidabwera m'chaka cha matenda, zonsezi ndi umboni wa lumbiro limene lidasungidwa. Mwamuna kapena mkazi amene amayerekeza mnzake wa lero ndi chithunzi cha pakhoma n'kumadandaula, akuyerekeza munthu wamoyo ndi nkhope imene ngakhale pa tsiku la ukwatilo kunalibe.

Tichite chiyani tsono?

Kwa inu amene mukukonzekera ukwati, kambiranani ndi wojambula wanu tsiku lisanafike. Muuzeni kuti achotse thukuta ndi ziphuphu, afewetse kuwala monga afunira, koma asiye khungu lanu, mphuno yanu ndi msinkhu wanu monga ziliri. Pemphaninso kuti akupatseni zithunzi zina zosakonzedwa, muzisunge. Ndipo musanafike kwa wojambula, khalani pansi awiriwiri, muonetsane chithunzi chenicheni cha moyo wanu. Amene angakusiyeni atamva zoona lero wakupulumutsani ku misozi ya mawa.

Kwa ojambula achikhristu, ntchito yanu ndi utumiki. Muli ndi mphamvu youza mwana wa munthu kuti ndi wokongola monga aliri, kapena kumuuza kuti akadakhala bwino akadakhala wina. Sankhani bwino, ngakhale kasitomala atakhala kuti sakudziwa kusiyana kwake.

Kwa ankhoswe, alangizi ndi akulu a mpingo, phunzirani kusiyanitsa chiphuphu ndi bala. Banja likabwera ndi nkhani ya mchere, liphunzitseni kukhululuka ndi kuseka. Likabwera ndi magazi, mantha kapena chinyengo, musathamangire kuthira nkhungu kuti mwambo uthe msanga. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mudasankhidwa kuti mukhale anansi otero.

Kwa ife tonse amene tili kale m'banja, tidzifunse usiku uno kuti nkhungu yathu taiika pati. Mwina taiika pa zolakwa zathu zazikulu, pomwe tating'ono ta mnzathu tikutiona ndi diso lakuthwa. Ngati ndi choncho, burashi ija taigwira chozondoka, ndipo nthawi yoitembenuza ikadalipo.

Tipemphere: Atate wakumwamba, Inu amene mumationa monga tiliri koma osatitaya, tipatseni mtima wophimba zofooka za anzathu a m'nyumba, ndi kulimba mtima kotulutsa poyera zimene zikuwononga miyoyo. Tetezani amene akuzunzika mobisika, ndipo dalitsani onse amene akumanga mabanja m'nyengo ino. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.